Kope la maina kutsidya kwa Shire

Kwathu ndi ku Katete m'dziko la Zambia, kufupi ndi ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi. Ndili ndi zaka 24, ndipo uno ndi mwezi wachisanu ndi chiwiri chibwerereni ku Bangula m'boma la Nsanje, kumene mpingo wathu unanditumiza kudzagwira ntchito ya umishonale kwa zaka ziwiri. Potsanzikana, akuluampingo anati ku Malawi sindikavutika poti chiyankhulo n'chimodzi. Anatinso uthenga unafika kwathu ku Magwero mu 1899 kudzera komwe kuno, ndiye ine ndikungobweza moto kumene makolo athu anakaupala. Za chiyankhulozo ankanena zoona pang'ono chabe. Ukatsika zitunda za Chikwawa, n'kudutsa pa Thabwa, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, umayamba kumva Chimang'anja, ndipo pofika kuno anthu akakhala okhaokha amacheza m'Chisena. Chichewa amachimva bwino lomwe, ndi cha kusukulu, cha pawailesi ndi cha m'Baibulo, koma munthu akafuna kutula zakukhosi amabwerera ku Chisena.

Lolemba ndi tsiku lathu lopuma, ngakhale kuti limathera kuchapa ndi kutunga madzi. Ndimadzuka 4 koloko kusanayere, chifukwa mwezi uno wa Novembala dzuwa ndi loswa mtengo. Masana kutentha kumapitirira madigiri 40, malata amachita kulira thetheethe, ndipo usiku timagona pakhonde titamangirira neti kudenga. Mjigo wapafupi madzi ake ndi amchere, sopo sachita thovu, choncho akumwa ndimakatunga kumjigo wina wakutali, zigubu ziwiri panjinga. Madzulo ake ndinakhala pamkeka ndi mayi a kunyumba kwa bambo mlaliki, omwe amandiphunzitsa Chisena uku akupeta mchewere. Tinayambira pa “mwacerwa tani” ndi “takhuta”, pano tafika pa mawu olonjerera odwala ndi opepesera pamaliro. Iwonso amandiwongolera Chinyanja cha kwathu. Ndikati “mailo” amandifunsa ngati ndikunena dzulo kapena mawa, ndikati “manje” amati kuno timati tsopano.

Lachiwiri tinayenda khomo ndi khomo kuyambira 6 koloko mpaka cha m'ma 10. Bambo mlaliki, omwe ndi mbadwa yakuno ndipo ndi amsinkhu wa atate anga, ali ndi malamulo awo osasintha: timayenda awiri, m'mudzi wachilendo timayambira kwa a nyakwawa, ndipo pakhomo pomwe pali mayi yekha timakhala panja pamthunzi. Nyengo ino makomo ambiri timangopeza agogo ndi tiana, ena onse ali kudimba. Masana tinali ndi kalasi ya okonzekera ubatizo pansi pa mtengo wa nimu, anthu asanu ndi anayi.

Koma sabata ino imene yandikhala pamtima ndi Lachitatu.

Tili ndi nthambi ya mpingo kutsidya kwa Shire, cha ku Makhanga, kumene timapita kawiri pa mwezi. Msewu ndi njanji zochokera ku Bangula kupita ku Chiromo zinaduka pa Mtayamoyo m'chaka cha 1997, ndipo chiyambire pamenepo anthu amawoloka pa bwato. Munthu amalipira zake, njinga zakenso. Opalasa amakuuza ukangokwera kuti usatsitse dzanja m'madzi chifukwa cha ng'ona, kenako amayamba kulimbana ndi namasupuni yemwe amatseka njira. Ndikamawoloka pamenepa ndimakumbukira Bishopu Charles Mackenzie, yemwe anamwalira mu Januwale 1862 cha kuno komwe Ruo amathira mu Shire, bwato litagubuduzika n'kutaya mankhwala ake a malungo. Anali ndi zaka 36. Ine m'chikwama simusowa botolo la madzi, Baibulo, ndi kope lachikuto cholimba lomwe amayi anandigulira ku Chipata.

Ulendo wapitawo ndinatulutsa kope limeneli pamaso pa anthu. Ndinalemba maina a ofuna kulowa kalasi ndi a odwala oti ndiziwapempherera m'mawa, ndipo pofuna kuti ndisasokoneze, ndinkafunsanso mudzi wa munthu ndi kuchuluka kwa ana ake. Bambo mlaliki tsiku limenelo anali kumaliro kwina, ndinapita ndi mnyamata wa kwaya. Palibe anandichenjeza, ndipo ine sindinaone cholakwika.

Masiku onse timapeza anthu osakwana makumi awiri. Lachitatu lapitali tikutulukira tinapeza khamu loposa zana, kachisi wathu waudzu atadzaza, ena atakhala pansi pa mitengo. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinaganiza kuti mapemphero a miyezi isanu ndi iwiri ayankhidwa. Ndiye ndinaona kuti ambiri afumbata ziphaso za unzika, ena atazikulunga m'kapepala ka pulasitiki, ena atazimangirira pansonga ya chitenje. Bambo mlaliki anaima, nandigwira pamkono, n'kundinong'oneza kuti, “Mwananga, ulendo watha uja munalemba chiyani kuno?”

Kuti mumvetse, muyenera kudziwa zomwe anthu amenewa adutsamo. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake n'kudzera m'midzi. Mu 2019 kunabwera namondwe Idai, mu 2022 Ana, mu Malichi 2023 Freddy. Ulendo uliwonse anthu amathawira kumakampu, ndipo ulendo uliwonse thandizo limayamba chimodzimodzi: kumabwera munthu wachilendo, wovala bwino, ali ndi kope ndi cholembera, n'kufunsa dzina, mudzi ndi kuchuluka kwa anthu pakhomo. Patapita masiku kumabwera ufa, mafuta ophikira, zidebe, mwina ndalama pafoni. Amene sanalembedwe amangoonerera. Ine ndinafunsa mafunso omwewo, m'ndondomeko yomweyo, ndilinso mlendo wochokera kunja kwa dziko. Nkhani inamveka midzi itatu kuti kutchalitchi kuli kalembera.

A nyakwawa anatiitanira pambali, ndipo anayankhula mwaulemu kwambiri. Anati, “Abusa, anthu anga amva kuti mwayamba kulemba. Ngati kuli kanthu, tiuzeni tidziwe kagawidwe kake kuti pasakhale kukangana.” Ine si m'busa ayi, sindinadzozedwe, koma kuno aliyense wonyamula Baibulo ndi abusa. Bambo mlaliki akanatha kundiyankhulira, koma anati amene analemba ndi amene afotokoze. Ndinaima pamaso pa khamu lija miyendo ikunjenjemera. Ndinanena m'Chichewa, iwo akumasulira m'Chisena kuti pasakhale wonena kuti sanamve, kuti kope langa silibweretsa ufa, kuti palibe bungwe limene landituma, kuti ndinalakwitsa kulemba osafotokoza bwino, ndipo ndikupepesa.

Kunangoti zii. Kenako mayi wina wobereka mwana anaimirira. Sanakalipe. Anangoti wanyamuka tambala woyamba, wasiya chimanga cha kudimba chopanda wochilondera, ndipo dzulo lake ana ake anagonera nyika. Nyika ndi timizu ta maluwa a m'madzi tomwe anthu amakazula m'dambo njala ikavuta, uku akuyang'anayang'ana ng'ona. Atatero anamanga bwino mwana wake kumbuyo n'kumapita. Ambiri anamutsatira. Sindikuwaona olakwa ngakhale pang'ono. Tsiku lawo la ntchito ndinawaonongera ndine.

Anatsala anthu makumi awiri ndi atatu, ndipo tinapemphera nawo. Ulaliki womwe ndinakonzekera sindinaugwiritse ntchito, bambo mlaliki anangowerenga Salimo n'kuyambitsa nyimbo. Tikutuluka, agogo ena aakazi anandikodola. Anati, “Mdzukulu wanga, dzina langa munalemba. Ndiye mumakalipereka kuti?” Ndinawauza kuti m'mawa uliwonse ndisanatuluke ndimatsegula kope n'kutchula maina onse pamaso pa Mulungu, limodzilimodzi. Anandiuza kuti ndiwerenge lawo amve. Ndinawerenga, iwo nandikonza katchulidwe kawiri konse mpaka ndinakhoza. Kenako anati mwana wawo wamwamuna anapita ndi madzi a Freddy, ameneyo ali kale m'manja mwa Mwini wake, koma ndilembe mpongozi wawo yemwe anatsala ndi ana anayi ndipo usiku sagona. Ndinalemba. Sanatilole kuchoka tisanadye. Anatiphikira nsima ya mapira ndi makakana awiri owamba, ndipo ndikudziwa kuti nsomba zimenezo zinali ndiwo zawo zamadzulo.

Ndikufuna ndinenepo chimodzi pano, chifukwa ndisanabwere inenso ndinkayankhula ngati mmene ambiri akumtunda amayankhulira, kuti anthu a kuchigwa ndi osamva, boma likuwauza kuti asamukire kumtunda koma amakakamira m'madzi kuti azilandira thandizo. Ndayenda nawo kudimba, ndaona. Madzi akaphwa amasiya nthaka yachonde moti munthu amakolola chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe popanda feteleza. Nsomba zili pomwepo. Manda a makolo awo ali pomwepo, ndipo mfumu ikasamukira m'dera la mfumu inzake imasanduka mlendo. Kumtunda komwe amapatsidwa nthawi zambiri ndi malo omangapo nyumba chabe, munda palibe. Kusamuka n'kofunika, miyoyo yatayika yambiri, koma wonena kuti anthuwa ndi aulesi sanawaonepo akupalasa bwato usiku kupita kukalondera mbewu kuti mvuu zisadye.

Lachinayi ndinadzuka mutu ukuwawa, m'thupi muli tsembwe. Bambo mlaliki sanafune kumva zoti ndi kutopa, anandikweza kabaza kupita kuchipatala. Anandiyeza magazi pachala, malungo sanapezeke, anati ndi dzuwa ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Miyezi itatu yapitayo anapezeka, ndinamwa LA masiku atatu, mankhwala omwe kwathu timawadziwa kuti Coartem. Tsiku lonse ndinagona pamkeka ndikumwa thanzi.

Usiku womwewo kunamveka uthenga wa maliro a mkulu wina wa mumpingo, ndiye Lachisanu lonse linathera kumeneko. Tinagona kusiwa, amuna panja pamoto, amayi m'nyumba akuimba mpaka mbandakucha. Ndi kutentha kwa kuno maliro sachedwetsa, adzukulu anayamba kukumba kusanache. Ntchito yanga inali kuwerenga mawu kumanda basi. Ndinamva anthu akunong'onezana za kulowa kufa, mwambo woti namfedwa agone ndi mwamuna wina kuti achotse imfa pakhomo, umene mafumu, mipingo ndi a zaumoyo akhala akuuletsa chifukwa cha Edzi. Magazi anga anawira, ndinafuna kuti ndiutchule poyera. Bambo mlaliki anati ayi, mnyamata wosakwatira, wobwera, sangaimirire pamanda n'kuyankhula zimenezo, angangochititsa manyazi namfedwa ndipo achibale angaumitse mitima. Anatuma amayi atatu akuluakulu a mumpingo kuti azigona kwa mayiyo, iwo n'kukakhala pansi ndi akuluakulu a banja pamodzi ndi a nyakwawa. Pofika pano amayi aja akugonabe komweko.

Loweruka tinatsutsana, ine ndi bambo mlaliki, koyamba chibwerereni. Ndinkakonzekera ulaliki, ndipo mavesi awiri ankandikoka uku ndi uku. Pa Machitidwe 3, Petro akuuza wopempha uja kuti siliva ndi golide alibe, koma chimene ali nacho amupatsa. Pa Yakobo 2 akutifunsa kuti n'chaphindu chanji kuuza m'bale wausiwa ndi wanjala kuti apite mumtendere, akafunde ndi kukhuta, osamupatsa zosowa za thupi lake. Ndinati ndikufuna kulembera mpingo wa kwathu kuti utolere ndalama zogulira mbewu ndi ufa wa anthu a kutsidya aja. Iwo anati ndikatero ndiye kuti ndatsimikiza kuti kope lija linalidi la ufa, ndipo kuyambira pamenepo sitidzadziwanso amene wabwerera Mawu ndi amene wabwerera thumba. Ine ndinati mayi wa nyika uja sangadikire kuti ife tiyambe tasiyanitsa zimenezo. Tinakambirana mpaka nyale inayamba kuzima. Pomwe tinagwirizana ndi apa: kalata ndilemba, koma chikabwera chilichonse sichidzera m'manja mwanga kapena pakhomo la tchalitchi. Chidzapita kwa a nyakwawa ndi komiti ya m'mudzi, ndipo adzalandire ndi ovutikitsitsa, kaya amapemphera nafe, kaya ndi a mpingo wina, kaya ndi okhulupirira za Mbona wa ku Khulubvi. Bambo mlaliki anavomera, koma nkhope yawo inkaonetsa kuti sanakhutire kwenikweni.

Usiku ndinaimbira amayi pa WhatsApp nditaima pachulu pomwe netiweki imagwira. Anandifunsa ngati ndikudya, ngati ndikugona m'neti, ndiponso ngati mvula yayamba. Kwathu akuti yagwa kale kawiri. Za Lachitatu sindinawauze, ndidzawauza pamaso.

Lamulungu ndinalalikira pa Yakobo 2, ndipo ndime yoyamba ndinaiyankhula m'Chisena ndekha, mawu omwe ndinaloweza ndi mayi aja pamkeka. Chopereka chinali ndalama zochepa, mazira anayi ndi lichero la masau ouma. Titaweruka, kumwera cha ku Marka kunali kutachita mdima wa mitambo, anthu akuloza n'kumakambirana zokonza madenga. Ulendo wotsatira wa kutsidya ndi Lachitatu la sabata yamawa. Maina a kalasi azisunga tsopano ndi mkulu wa mpingo wa komweko, kope langa lizitsala kunyumba pansi pa Baibulo lalikulu. Lafika pa maina makumi anayi ndi limodzi, ndipo la mayi wa nyika uja mulibe, poti anachoka ndisanamufunse. Ndapempha mnyamata wa kwaya uja kuti andifufuzire mudzi wake, tikawoloka tidzayambire kumeneko.