Mzere umene mulibe mufomu yathu

Lolemba kusanache ndinali nditaima kale m'mbali mwa msewu wopita ku Mutare, pafupi ndi dera la mafakitale la Msasa mumzinda wa Harare, nditagwira fomu yowerengera magalimoto, chifukwa kampani yathu ikukonza mapulani a kachigawo kena ka msewu ndipo ntchito yotere imayamba ndi kuwerenga zodutsapo. Fomuyo ili ndi mizere ya magalimoto ang'onoang'ono, makombi (maminibasi), mabasi ndi malole, koma ilibe mzere wa njinga kapena wa oyenda pansi, chonsecho iwowa ndiwo amalawirira kudutsa pochokera kumadera okhala anthu a Mabvuku ndi Tafara kupita kumafakitale. Ndinayamba kuwalemba kuseri kwa pepala.

Lachiwiri agogo ena, mlonda amene ankaweruka atachezera usiku wonse pantchito, anatsika njinga atandimva ndikulankhula Chichewa pafoni. Anandilozera pamene phula lagumuka n'kusiya chiphompho chofika m'kakolo, kenako anandionetsa limu lopindika ndi tayala lomangidwa ndi malegeni, zipsera za tsiku limene kombi inawakankhira pomwepo. Anandifunsa modekha kuti, "Mdzukulu wanga, kodi nafenso mukutiwerenga?"

Funso limeneli likukhudza kumene ndalama zimachokera. Ndalama zambiri zosamalira misewu muno m'Zimbabwe zimadzera ku ZINARA, bungwe limene limatolera malipiro a ziphaso za magalimoto ndi a m'zipata zolipirira pamsewu, kenako n'kugawira makhonsolo ndi nthambi ya boma yoona za misewu. Wanjinga salipira pachipata, ndipo ndimaona kuti n'chifukwa chake saoneka m'mapepala athu. Boma litalengeza mu 2021 kuti misewu yafika pa ngozi, mphamvu zambiri zinapita kukwirira maenje ndi kuyala phula, ntchito yofunikadi, koma tinjira takale ta njinga ta mumzinda uno tambiri tidakali tomera udzu.

Lachinayi, mtengo wa ntchito utaposa bajeti, chinthu choyamba chimene chinaganiziridwa kuti chichotsedwe pamapulani chinali kanjira ka oyenda pansi. Ndinayala patebulo mapepala anga olembedwa kuseri aja, ndipo tinakambirana mpaka madzulo. Kanjira ka konkire kanachotsedwabe, zimene zinandipweteka mtima, koma tinagwirizana zosiya mbali yotakata ya miyala yotsenderedwa bwino ndi malo owolokera pafupi ndi pokwerera makombi.

Lachisanu ndinasindikiza fomu yatsopano yokhala ndi mizere iwiri yowonjezera, ndipo Lolemba likubwerali ndikayamba nayo pamalo pomwe paja.