Matumba anali 14, osati 50

Inde, zimene mwamvazo ndi zoona, abwana akulu a kampani yathu yogula mbewu ndinawasenzetsa matumba a soya. Lekani kundiimbira foni ngati mukufuna kufunsa za moyo wa ana pomwe cholinga chanu n'chakuti mumve kuchokera pakamwa panga. Koma amene akufalitsa zoti anali matumba 50 ndi wabodza, ndipo ndikumudziwa, ndi kalaliki wathu wa pasikelo. Matumba anali 14. Eni ake ankati 16, koma tifika pamenepo.

Imelo yochokera kulikulu ku Lilongwe inanena momveka bwino kuti mkulu watsopano woyang'anira nthambi zonse adzafika kudepoti yathu ya pa Kamwendo Lachinayi. Lachinayi, ndikubwereza dala. Laimu wopaka miyala ya pakhomo tinali titagula, mayi wa palesitilanti tinali titamulipira kale nkhuku ziwiri za lokolo, suti yanga ya ukwati inali itasitidwa ili pa msomali. Akuti imelo yachiwiri yosintha tsiku inatumizidwa Lamulungu usiku. Munthu wopemphera amatsegula imelo ya kuntchito Lamulungu usiku? Lolemba lakelo magetsi anathima mbandakucha, foni yanga n'kutsatira isanakwane 9 koloko.

Lolemba limenelo panali lole ya matani 30 yodzatenga soya. Kwa inu amene mumagwira ntchito ya mpando wozungulira, amenewo ndi matumba 600 a makilogalamu 50, ndipo lililonse limakwera pamutu pa munthu. Aganyu anga amakhala 12, koma kumudzi wapafupi kunagwa maliro, anabwera asanu okha. Dalaivala wa lole ankaliza hutala mphindi khumi zilizonse ngati hutalayo ndiye ikweza matumba.

Ndiye pafika kabaza. Osati wa njinga yamoto, wopalasa. Kumbuyo kwatsika munthu wa jinzi yotuwa ndi fumbi, kapu, kachikwama kumsana, ndi malaya ofiira a Bullets. Ine ndine wa Manoma chibadwire, choncho ndivomere kuti anayamba kale ndi ngongole kwa ine asanatsegule n'kamwa momwe. Ndizinena kuti "ndinamuuza" osati "ndinawauza" chifukwa nthawi imeneyo anali iye. Anasanduka iwo cha m'ma 3 koloko.

"Zikomo bwana," anatero, "ndabwera kudzaona ntchito."

Tsopano ndiweruzeni mwachilungamo. Nyengo yogula mbewu pageti pathu pamafika anyamata khumi pa tsiku ndi mawu ngati amenewa. Wina amati akufuna ntchito, wina amati akuyang'ana ntchito, uyu wati adzaone ntchito. Kusiyana kwake kuli pati kwa munthu amene lole ikumulizira hutala?

"Achimwene, kuno ntchito sitiona, timagwira. Ikani kachikwamako apo. Thumba limodzi K200."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Ine ndinkaganiza kuti akuwerengera ndalama m'mutu. Kenako anamwetulira, anavula kapu, n'kuti, "Chabwino bwana."

Thumba loyamba lija sindidzaliiwala mpaka kumanda. Anyamata awiri analinyamula n'kumutula nalo pamutu, munthu uja anafupika. Ndikunena zoona, anatsika ngati masentimita khumi. Maondo anayamba kukambirana okha. Anaima pamenepo ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene, akufufuza kuti mwendo woyamba kuponda ndi uti, maso atatuluka, mitsempha ya m'khosi itaima ngati zingwe za gitala. Kutsogolo kwake kunali thabwa lokwerera pa lole, lija limanjenjemera ngakhale pakwere mphaka. Anaponda kamodzi, thabwa linati ndakuona. Anaponda kachiwiri, thumba linayamba kulowera kumadzulo, ku Chipata, mwini wake akulowera kum'mawa. Ndipo ine, mwana wa mayi anga, ndili m'munsi manja m'chiuno, ndikukuwa: "Khosi liwongole iwe! Nsima unadya liti? Soya ameneyu ndi wa kampani, ukagwetsa ndikudula!"

Iwe. Ndinati iwe. Kawiri konse, ndipo pali mboni.

Sindinalekere pomwepo. Ndinamupindira thumba lopanda kanthu kuti likhale nkhata, n'kumuonetsa kayendedwe kake, ine ndikuyenda pathabwa chimanjamanja, msana uli njo, ngati mphunzitsi wa gule. Mmodzi wa aganyu anamugwira chikhatho n'kuitana anzake kuti adzaone, akuti manja ofewa ngati buledi wa lero. Ine n'kuwonjezera kuti anyamata a masiku ano chala chimodzi chokha ndiye chili ndi mphamvu, cha pa Facebook. Aliyense anaseka. Iyenso anaseka, ndipo kuseka kumeneko ndimakumva kutulo.

Cha m'ma 1 koloko tinapumira pansi pa mtengo wa mango, ndinawagulira chinangwa chophika ndi madzi a m'mapepala. Izi muzinenanso mukamafalitsa nkhaniyi, kuti ndinamudyetsa. Apa m'pamene munthu uja anayamba mafunso. Chinyezi cha soya mumayeza bwanji? Ndinadabwa pang'ono kuti waganyu akufunsa za chinyezi, koma ndinangoti ndi aja analephera Fomu 4 ndi mapointi ochepa. Ndipo munthu amene wakhala chaka chonse akulemba malipoti osawerengedwa, akapeza khutu, sasankha kuti ndi la ndani.

Ndinamufotokozera zonse. Kuti kamakina koyezera chinyezi kanafa chaka chatha, ndalemba katatu kupempha kena, yankho limangoti nkhaniyi ikuunikidwa. Kuti pakadali pano timayeza ndi mano, ukaluma njere n'kumva kuti "kha" ndiye yauma, ikangophwanyika mwakachetechete ndiye wagula madzi. Kuti soya wogula mu Epulo amafika Julayi atapepuka chifukwa wapitiriza kuuma m'thumba, koma akulikulu akaona makilogalamu achepa amalemba ngati ine ndimakazinga soyayo usiku n'kumadya. Kuti mavenda ena amawaza madzi mtedza wa CG7 kuti usavute kuswa komanso ulemere pasikelo, ndiye ukausunga umachita chuku, wogula wakunja n'kuukana wonse. Kuti boma likalengeza mitengo yoyambira kugula mbewu, mavenda a njinga amakhala ali kale m'midzi ndi ndalama m'manja, ena katundu akulowera naye ku Mwami, ife tikudikira kuti anthu atatu asaine pepala ku Lilongwe. Kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 koma malipiro athu sanamve n'komwe kuti kunja kwachitika kanthu.

Iye amangogwedeza mutu, akutafuna chinangwa. Ndikanalekera pamenepo bwenzi lero ndili ngwazi. Koma pakamwa pakatentha sipamva buleki.

"Ndiye akuti kukubwera bwana watsopano Lachinayi," ndinatero. "Ameneyo timudziwa kale mtundu wake. Adzatsika m'galimoto ndi nsapato zosongoka, sadziwa kusiyanitsa soya ndi nandolo. Tidzamuonetsa matumba a kutsogolowa. Kona ya kumbuyo ija makoswe anachitirako chinkhoswe, tidzaphimba ndi tenti."

"Nanga akadzafuna kuona kuseri kwa tentiyo?"

"Sangafune. Anthu aja amaopa fumbi kuposa imfa. Adzajambulitsa chithunzi, adya nkhuku, asaina alawansi, basi wapita."

Anakhosomola. Ndinamupatsa madzi. Ndinamumenyanso pamsana, mwamphamvu, kuti chinangwa chitsike.

Lole itadzaza inafika nthawi yolipira. Kalaliki amalemba kamzere pa katoni thumba lililonse likakwera, ndipo pa dzina loti "Wa Bullets" panali timizere 14. Iye anati 16. Ine ndinati 14. Anati awiri oyamba kalaliki sanalembe chifukwa anali akuseka. Ndinamuuza kuti pano si pamsika wa mbuzi pokambirana mtengo, kampani ino ili ndi ndondomeko, ndipo akapitiriza makani mawa asabwerenso. Tinakangana mphindi zosachepera khumi chifukwa cha K400. Pomaliza analandira K2,800 yake, anaiwerenga kawiri, n'kusaina pa vocha. Siginecha yake inali yaitali, yokhotakhota, ya mchira pansi. Ndinati, "Siginecha ya nduna, koma thumba likukukanikani." Dzina limene analemba pambali pake sindinaliwerenge. Ndani amawerenga maina a pa vocha ya aganyu?

Kenako pageti panalowa Hilux yoyera, chizindikiro cha kampani yathu chili pachitseko. Dalaivala anatsika mothamanga, thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kupepesa akadali patali: "Pepani bwana, dizilo wapezeka mochedwa, mzere wa pa Namitete unali wautali."

Pa depoti ija bwana ndine. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi mawu akuti bwana akamveka pabwalo paja, wotembenuka ndimakhala ine. Ndiye ndinakweza dzanja mwaulemerero n'kuti, "Palibe vuto, mwafika bwino."

Dalaivala sanandione n'komwe. Anandilambalala ngati chitsa, n'kukatola kachikwama kaja pansi, n'kuyamba kukapukuta fumbi ndi malaya ake.

Mukudziwa mmene kumakhalira chete mbale ikasweka kwa apongozi? Kunali chete woposa pamenepo. Ndinamva mbalame za ku Zambia. M'mutu mwanga mawu onse a tsiku lija anayamba kubwerera mmodzimmodzi, atafola ngati ana a sukulu pa asembule: khosi liwongole iwe, nsapato zosongoka, chinkhoswe cha makoswe, asaina alawansi. Mlonda wathu, mdala wa zaka zake, anaima njo n'kuchita sailuti ndi dzanja limene linali ndi chibonga, n'kudzimenya nacho pachipumi. Waganyu amene ananena za buledi uja anayamba kubwerera cham'mbuyo pang'onopang'ono mpaka analowa m'munda wa eni ake. Kalaliki, yemweyu akufalitsa za matumba 50, anapita kuchimbudzi ndipo anatulukako dzuwa litapendeka.

Ine ndinatsala ndekha ndi iwo. Anali atasanduka iwo tsopano, fumbi la soya lili m'tsitsi, kolala itang'ambika, K2,800 yanga ili m'manja. Ndinafufuza mawu m'Chichewa, ndinafufuza m'Chingerezi, ndinayesa ngakhale Chinsenga chimene ndinatolera kumalire. Chimene chinatuluka n'chakuti:

"Bwana, ndaganizanso bwino, matumba aja analidi 16."

"Ayi," anatero, "mwanena 14, ndipo kampani ino ili ndi ndondomeko." Anapinda ndalama zija n'kuika m'thumba. "Tiyeni mukandionetse kumene kunali chinkhoswe."

Tinapita. Makoswe nawonso sanandichitire chifundo, awiri anatuluka kudzalonjera.

Tsopano, inu mukusekanu, chaona mnzako chapita. Ndifunseni ine: munthu wamkulu ngati ameneyo amasiya galimoto pa mzere wa mafuta n'kukwera minibasi mpaka pa Kamwendo, n'kutenga kabaza wopalasa, chifukwa chiyani? Akuti sanafune kutaya tsiku. Chabwino. Koma pakamwa anali napo. Pa thumba loyamba akanatha kunena kuti ndine uje. Pa thumba lachisanu akanatha kunena. Munthu amene wasenza matumba 14 mwakachetechete kuti amve zimene ukunena, ameneyo wabwera kudzatchera msampha, ndipo pa nkhani imeneyi wolakwiridwa ndine. Mkazi wanga sagwirizana nazo, koma iye anaseka mpaka ndiwo zinapserera, ndiye maganizo ake sindiwawerengera.

Sanandichotse ntchito, kwa amene munabetcherana. Patatha masabata awiri kamakina koyezera chinyezi kanafika, katsopano, m'katoni mwake. Kunabweranso kalata yopita kunthambi zonse yonena kuti thabwa lokwezera katundu likhale lotambalala ndipo aganyu azipatsidwa madzi akumwa. Dzina langa mulibemo, koma anzanga a ku Kasungu ndi ku Dowa anandiimbira tsiku lomwelo kundithokoza, akuseka. Kumsonkhano wa mameneja ku Lilongwe bwana aja atandiona anangogwira khosi lawo n'kuliwongola, holo yonse n'kugwa. Aganyu mpaka lero amafunsa kuti mnzathu wa Bullets uja abweranso liti, akuti anayamba kuzolowera.

Nkhuku za Lachinayi zija tinadya tokha, poti zinali zolipira kale.

Chimene chatsala ndi vocha. A ku akaunti anaibweza, akuti munthu amene ali pa mndandanda wa malipiro a pamwezi sangalandirenso ndalama ya ganyu, ndiye K2,800 ikusowa mu petty cash ya nthambi yanga. Ndinayankha kuti ntchito inagwiridwa ndipo wolandira anasaina. Anati nditumize kopi ya chitupa cha unzika cha waganyuyo, monga mwa ndondomeko. Ndawalembera kuti ali pa ofesi yachitatu kuchokera pamene akhala iwowo, akhoza kukamupempha okha. Sanayankhe. Mwezi uno imelo yabweranso, mutu wake womwewo, pansi pake "please advise."