Zikomo kwa inu amene munalipirira mwana yemwe simunamuonepo

Sabata ino ndalandira satifiketi yanga ya uphunzitsi. Musanayambe kundiyamikira, ndiloleni ndithokoze kaye anthu amene mwina mawuwa sadzawaona n'komwe: akuluakulu ndi antchito a kampani imene, kudzera m'bungwe lake lachifundo, yandilipirira sukulu kuchokera ku sekondale mpaka ku koleji.

Bambo atamwalira ndinasiya sukulu. M'kalasi ndinkakhoza ndithu, koma fizi, yunifomu ndi mabuku zinawakulira amayi, poti tinalipo ana angapo. Bungwe la UNESCO limati ana ndi achinyamata oposa 250 miliyoni padziko lonse sali pasukulu, ndipo ine ndinali mmodzi wa iwo. Mu 2015 maiko anagwirizana ku United Nations kuti pofika 2030 mwana aliyense azimaliza pulayimale ndi sekondale. Lonjezolo linali labwino, kungoti ine linandipeza ndili pakhomo n'kundisiya pomwepo. Chimene chinandibwezera m'kalasi ndi fomu yanu yopemphera thandizo, inu a kampani.

Ndalama zinali zofunika, sindikana, koma chimene ndikugwadira kwenikweni n'chakuti simunandisiye panjira. Ndili ndi anzanga amene anathandizidwa chaka chimodzi chokha. Analandira zikwama zolembedwa dzina la wopereka, anajambulidwa akumwetulira, chaka chotsatira anali atabwerera pakhomo, mtima uli wosweka kuposa poyamba. Mu 2020, matenda a COVID-19 atatseketsa sukulu m'maiko oposa 190, ophunzira oposa 1.5 biliyoni ali pakhomo, ndinkadikira uthenga woti thandizo latha, poti makampani nawonso malonda anali atalowa pansi. Uthenga unabweradi, koma unali wondifunsa ngati ndili ndi foni yoti ndiziphunzirirapo, komanso wonditsimikizira kuti malo anga alipobe. Sukulu zitatsegulidwa, atsikana ena a m'kalasi mwathu sanabwerere. Ena anali atakwatiwa, ena ali ndi pakati. Ine ndinabwerera chifukwa panali munthu amene ankandiyembekezera.

Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye ndithokozerenso ana amene sindikuwadziwa. Mu 2013 Vodafone Foundation ndi bungwe loona za othawa kwawo la UNHCR anayamba kuika matabuleti, magetsi a dzuwa ndi intaneti m'makalasi a kumsasa wa Dadaab ku Kenya. Mu 2018 LEGO Foundation inapereka madola 100 miliyoni ku Sesame Workshop, bungwe lokonza mapulogalamu ophunzitsa ana, kuti tiana ta mtundu wa Rohingya tothawira ku Bangladesh ndi tothawa nkhondo ya ku Syria tiziphunzira kudzera m'masewero, ndipo chaka chotsatira inaperekanso ndalama ngati zomwezo ku International Rescue Committee, bungwe lothandiza othawa kwawo, za ana a ku Ethiopia, Uganda ndi Tanzania. Mastercard Foundation yakhala ikulipirira achinyamata maphunziro kuyambira 2012. Koma ntchito imene imandigwira mtima ndi ya kampani ya Ericsson, yomwe inalowa m'ndondomeko yolumikiza sukulu ku intaneti yotchedwa Giga, ya UNICEF ndi ITU (bungwe la United Nations loona za matelefoni ndi intaneti), kukathandiza kulemba pamapu malo amene sukulu zili ndiponso ngati intaneti imafikako. Ntchito imeneyi ilibe chithunzi chokongola choika m'nyuzipepala, komatu sukulu yosadziwika komwe ili palibe angaifikire ndi thandizo.

Ndikudziwa zimene ena munene: makampani amapereka kuti dzina lawo limveke, ndipo akanangolipira misonkho mokhulupirika maboma akanamanga okha sukuluzo. Apo simukunama. Malipiro a aphunzitsi, kuphatikizapo anga akubwerawa, amachokera ku misonkho, ndipo mphatso singalowe m'malo mwake. Nkhani imeneyo tipitirize kuikamba mokweza. Koma mtsikana amene ali pakhomo lero zaka zikumuthera, sangadikire kuti mkanganowo uthe.

Amayi, munakana anthu onse amene ankati mundikwatitse kuti mupumuleko. Satifiketiyi ndi yanu, ine ndangokusungirani. A hedi a kusukulu yanga yakale, munanditsatira kunyumba ndi fomu m'manja, n'kukhala pansi mpaka tinaidzaza yonse, Mulungu akusungeni. Nanunso mayi wa kubungwe amene munkaimba foni teremu iliyonse, n'kufunsa kaye za thanzi langa musanafunse za mayeso, zikomo kwambiri.

Kwa akuluakulu a kampani, pempho langa ndi limodzi: mukamakonza bajeti, mwana amene mwamutenga muzimuwerengera zaka zonse mpaka amalize, ngakhale zitatanthauza kutenga ana ochepa. Teremu ikubwerayi ndiyamba kuphunzitsa masamu. Mwana akadzajomba masiku angapo otsatizana ndidzamutsatira kwawo, ndipo vuto likakhala fizi, fomu yanu ndidzamudzazira ndine. Ndiye konzekani, makalata anga muziwalandira pafupipafupi.