Agogo anakandionetsa "ofesi" yawo ku Raylton

Tulo takana ndiye bola ndilembe. Ndili kuno ku Bulawayo kudzaona agogo aang'ono, mng'ono wawo wa agogo anga aamuna, omwe anachoka kwathu ku Thyolo mu 1959 ali kamnyamata ndipo kumudzi timangowatchula pagulu la matchona. Amakhala ku Sizinda, dera lomwe a njanji anamangira antchito awo achikuda, ukamayenda m'misewu yake umamva Chinyanja chosakanikirana ndi Chindebele mpaka kuiwala kuti wadutsa maboda awiri. Ine ndimafuna tipite ku Matobo ndikajambule miyala ija, iwo akuti ayi mwanawe, miyala siithawa, tiye ukaone ofesi yanga. Ofesi yake ndi myuziyamu ya sitima ku Raylton, kuseri kwa siteshoni yaikulu, yomwe anatsegula mu 1972.

Za mitu ya sitima sindilembapo zambiri, ilipo yambiri, ma Garratt akuda bii aja okhala ndi boila pakati ndi matanki kutsogolo ndi kumbuyo, komanso kakang'ono kotchedwa Jack Tar komwe kanagwira ntchito pomanga mlatho wa Victoria Falls womwe unatha mu 1905. Anyamata ena amajambulitsa pamenepo. Agogo anangodutsa ngati sakuiona, ndodo yawo gu gu gu molunjika kumabogi onyamula anthu.

Bogi yomwe aliyense amabwera kudzaona kumeneko ndi ya Cecil Rhodes. Inapangidwa ndi kampani ya Pullman ku America m'ma 1890, njanji isanafike ndi komwe ku Bulawayo mu 1897, ndipo mkuluyu atamwalira mu March 1902 kufupi ndi Cape Town, bogi imeneyi inali m'gulu la sitima yomwe inabweretsa maliro ake kuno asanakamuike pamwamba pa thanthwe ku Matobo. Mkati mwake ndi matabwa okhaokha onyezimira, pogona, podyera, zonse za munthu mmodzi ndi alendo ake. Ine mtima unayamba kuwira nthawi yomweyo, mukudziwa mmene timakhalira ife ophunzira pang'ono, ndinali nditakonzeka kale ndi mawu anga onse a utsamunda ndi kulanda malo, ndimangodikira agogo atsegule pakamwa ndiwathandize kutukwana.

Iwo anasuzumira, n'kunena kuti, "Waona vanishi uyo? Ameneyo ndi wa manja, osati wopopera."

Basi. Vanishi.

Kenako tinasuntha kupita ku bogi ina yakale yogonamo, yooneka yotopa kuposa ya Rhodes, ndipo apa ndi pomwe panandisokoneza mutu mpaka pano. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kampango kawo komwe amapukutira thukuta, anakapuma mpweya kawiri, n'kuyamba kupukuta chogwirira cha pakhomo. Osati kungogwira ayi, kupukuta kwenikweni, chala chili mkati mwa nsalu kutsata ngodya zonse, milomo atailuma. Mkuwa uja unayamba kuoneka pang'ono pamalo pomwe amakhula. Ine ndikuti agogo tiyeni, atiyesa amisala, iwo osandimva n'komwe.

Ntchito yawo inali imeneyi. Anayamba ndi kutsuka mabogi, madzi ndi sopo kunja, Brasso pa zogwirira ndi pa mipope, kenako anawakweza kukhala wa zofunda mu sitima ya usiku yopita ku Victoria Falls, kuyala mabedi, kunyamula mabulangete, kugogoda m'mawa. Akuti mabogi a sitima imeneyo anapangidwa ku Britain m'ma 1950, kunja abulauni ndi kirimu, ndipo pa magalasi ndi pa mawindo panali zilembo RR, Rhodesia Railways, zomwe zinatsalabe pamenepo ngakhale dzina litasintha kukhala National Railways of Zimbabwe mu 1980. Akuti amapukuta zilembozo ndi nyuzipepala yonyowa. Ndipo zaka zonse zoyambirirazo munthu wakuda samaloledwa kugona pa bedi lomwe wayala yekha, malo ake anali fofu kilasi, mabenchi a matabwa.

Ndinawafunsa mwaukali pang'ono, ndikuvomera mawu anakwera, kuti nanga agogo mukupukutiranji chinthu chomwe chimakusalani? Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana.

"Iwe, amandisala ndi anthu. Bogi inandilakwira chiyani?"

Ndinati chabwino, nanga bwanji anthu amakhamukira ku bogi ya mzungu mmodzi, pomwe bogi zomwe zinanyamula inu ndi anzanu masauzande kupita ku migodi ndi ku mafamu palibe amazifunsa? Apa anaseka mpaka kutsokomola. Akuti fofu kilasi ngakhale utandipezera lero yopakidwa penti watsopano sindingakweremo, ndinakhalamo zokwanira. Ndiye anayamba kundiwerengera ulendo wawo woyamba, kukwera pa Luchenza, kutsika phiri kudzera Sankhulani, Chiromo, Port Herald yomwe pano ndi Nsanje, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana womwe unatsegulidwa mu 1935, wautali makilomita oposa atatu moti iwo ankaganiza kuti sitima yalowa m'nyanja, kenako Dondo kufupi ndi Beira, kusintha sitima, Umtali yomwe pano ndi Mutare, Salisbury yomwe pano ndi Harare, mpaka kuno. Pa benchi. Mwaye wa malasha ukulowa pa windo, munthu kufika maso ali psuu, katundu pamiyendo, mwana wa eni akukusanzira. "Ukufuna asunge chimenecho kuti ndani achione?"

Ndinati kuti ine ndichione. Anangoti mmm.

Chomwe chikundivuta n'choti mbali ina akunena zoona ndipo ine ndikudziwa chifukwa chake zinthu zimatha chonchi, si nkhanza zokha ayi. Bogi ya bwana imayenda mwa apo ndi apo, ikabwera imalowa mu shedi, ili ndi munthu wake woisamala, ndiye imakalamba bwino. Bogi ya anthu wamba imayenda tsiku ndi tsiku yodzaza mpaka pakhomo, ikatopa amaitsitsa kukhala yonyamula antchito okonza njanji, ikatopanso amaichotsa mateyala n'kuikhazika pambali pa siteshoni kukhala sitolo ya zipangizo kapena nyumba ya mlonda, mapeto ake nkhuni ndi sikirapu. Pofika nthawi yoti anthu aganize zosunga zakale, yotsala yooneka bwino ndi ya bwana ija. Palibe anachita kukhala pansi kusankha, koma zotsatira zake mwana wa sukulu akabwera amaganiza kuti kale anthu ankayenda pa makusheni.

Ndipo agogo pa nkhani ya kufa kwa bogi ndi dokotala ndithu. Anandigwira mkono n'kundilozera kumwamba, akuti bogi ya matabwa imafera ku denga. Denga lake ndi matabwa okutidwa ndi chinsalu cholimba chopakidwa penti, dzuwa likang'amba pentiyo madzi amalowa pang'onopang'ono, amatsika mkati mwa khoma momwe windo limatsikira ukalitsegula, n'kukaima pansi pa mizati. Kunja ukuona bogi yabwinobwino, ukabaya ndi chala pansi pa windo chala chimalowa. Chiswe chimangobwera kudzamaliza. Za pansi, mateyala ndi chitsulo chonyamula thupi, akuti zimenezo zingakhale zaka ndi zaka bola girizi. Ndiye kusunga bogi si penti wokongola ayi, ndi denga pamwamba pa denga, shedi basi, ndi munthu woti azitsegula mawindo mphepo ipite. Anagogoda khoma la bogi ija ndi nsonga ya ndodo malo atatu, kumvetsera ngati mmene amayi amagogodera chivwende pamsika, n'kuti iyi ikadali ndi moyo.

Zinandikumbutsa kwathu. Ku Chichiri ku Blantyre kuli mutu wa sitima yamalasha panja pa myuziyamu, tonse tinajambulitsapo tili ku pulayimale, ndipo tikati mbiri ya njanji timathera pomwepo, Shire Highlands Railway kufika Blantyre mu 1908, Salima 1935, ya ku Nacala kudzera Liwonde ndi Nayuchi 1970, mayeso akhoza. Koma munthu sakwera mutu wa sitima. Amayi anga ankakwera bogi, ndi mitolo ya nzimbe ndi nkhuku ndi matumba a chimanga, kugula nthochi pa windo sitima isanaime bwinobwino. Njanji yomwe agogo anatsikira ija madzi anaidula ku Chiromo mu 1997, ndipo ana obadwa pambuyo pake ku Nsanje anakula akungoona zitsulo mu udzu. Ine ndemwe ndikanafunsidwa dzulo kuti tisunge chiyani ndikanati mutu, chifukwa ndi umene umaoneka bwino pa chithunzi. Kaya.

Pobwerera mu kombi ndinayesanso, chifukwa ine ndi wamakani. Ndinawakumbutsa za sitalaka ya antchito achikuda a njanji ya mu 1945 yomwe inayambira mu Bulawayo momwemuno, ndi kuti Joshua Nkomo yemwe, mtsogoleri wa ndale uja wa ku Zimbabwe, anayambira kwa a njanji, kuyang'anira za umoyo wa antchito kenako kutsogolera bungwe lawo. Ndimafuna avomere kuti mkwiyo unalipo. Akuti unalipo kumene, ukuganiza kuti ndimayala bedi ndikuimba? Akuti panali mzungu wina woyang'anira yemwe ankayendetsa chala pamwamba pa chitseko kufuna fumbi, akalipeza theka la tsiku ladulidwa, ndipo iwo anamutukwana chamumtima zaka zonse mpaka anapita kwawo. Koma chitsekocho ankachipukutabe ngakhale iye atapita, ngakhale ufulu utabwera ndipo okwera fesi kilasi ali anthu akuda anzawo omwe ena ankaponda nsapato pa mipando. "Amenewo ndiye ankandipsetsa mtima kuposa mzungu," akutero, kombi yonse kuseka, ine manyazi.

Mdzukulu wawo wina, msuweni wanga, yemwe amagulitsa mafoni m'tauni, atamva kuti tinali ku Raylton anangoti zitsulo zimenezo bwenzi atagulitsa ku sikirapu agule mabogi atsopano, sitima za anthu zinaima nthawi ya Covid mu 2020, inu mukukasilira mitembo. Ndimayembekeza kuti agogo amukalipira. Ayi ndithu, akuti nayenso ali ndi mfundo, bogi yosayenda ndi yomvetsa chisoni, inapangidwira kugwedezeka. Ndiye ine ndatsala ndekha pakati, m'mawa ndimafuna bogi ya Rhodes ichotsedwe pamalo aulemu, masana ndimafuna asunge fofu kilasi yomwe mwini wake woikwera sakuifuna, madzulo ndikukangana ndi msuweni kuteteza zonse pamodzi ndi ya Rhodes yomwe.

Mwina chomwe chikundiwawa si mabogi n'komwe. Ndi choti pa zikwangwani umawerenga kampani yomwe inapanga, chaka, kulemera kwake, bwana yemwe anakweramo, pomwe munthu yemwe akudziwa kuti madzi amalowera pati ndi kuti Brasso wambiri amadya zilembo ali pambali pako ndi ndodo, walipira tiketi pageti ngati mlendo wina aliyense. Ndinawauza kuti ndikufuna ndiwajambule mawu pa foni afotokoze zonsezi bwinobwino kuyambira pa Luchenza. Akuti mawa, lero ndatopa, komanso uyambe wagula batire la wailesi yanga. Panopa akugona chipinda chinacho, ndipo azakhali angondiuza kuti mawa kuli maliro ku Matshobana a mnzawo wa ku njanji ndiye tonse tikupita m'mamawa, zojambulazo kaya zitheka liti, ine basi yobwerera ndinagula kale tiketi