Ulendo wa ku Tuscaloosa, tinakaonera Bid Day

Amayi anzanga amene simunakwanitse kupita, nkhani ya ulendo ija ndi iyi, pepani ndachedwa nayo ntchito inandipanikiza. Tinanyamuka ku Atlanta mbandakucha pa galimoto ziwiri, msewu wa I-20 kudutsa Birmingham, maola atatu ndi pang'ono. Koma tonse tinaiwala zoti nthawi ya ku Alabama ili mmbuyo ndi ola limodzi, ndiye tinafika msanga nkumangodya mandasi mgalimoto dzuwa la Ogasiti likuotcha ngati tili ku Nsanje.

Paja tinapita kukaperekeza mnzathu uja amene mwana wake wayamba ku University of Alabama, ku Tuscaloosa. Mwanayo anali atatha sabata yonse akupanga zimene amati rush, kuzungulira nyumba za ma sorority, magulu a atsikana aja a maina a zilembo za Chigiriki (a anyamata ndiye amati fraternity). Atsikana oposa 2,000 amalowa nawo, pa gawo lililonse nyumba zimachotsa ena pa mndandanda, mtsikananso amasankha komwe akufuna kubwerera. Tsiku lomaliza, limene amati Bid Day, amawasonkhanitsa mu sitediyamu ya Bryant-Denny, aliyense envulopu yake, kutsegula nthawi imodzi, phokoso lake abale inu, kenako liwiro kuthamangira kunyumba imene yawatenga.

Ine chimene chinandigwira mtima si atsikanawo ayi, koma azimayi ndi agogo amene anadzadza mmakomo mwa nyumbazo atavala zilembo zomwezo. Ndinacheza ndi gogo wina wachizungu, anandiuza monyadira kuti iye analowa nyumba imeneyo, mwana wake analowanso, lero ndi mdzukulu. Mwana otere amamutcha legacy, kutanthauza kuti mayi ake, mkulu wake kapena agogo ake anali membala. Kale legacy sankachotsedwa msanga ngati anzake, ankamuitananso olo kamodzi, akafika mpaka kumapeto dzina lake limakhala pamwamba pa mndandanda, ndipo akafuna kumusiya mmagulu ena ankayamba aimbira foni mayi ake. Eti kupepesa mayi, osati mwana.

Ndiye pali makalata. Mtsikana amafunika kalata yomuchitira umboni kuchokera kwa munthu amene anali membala, ndipo ena amasaka kalata ya nyumba iliyonse. Tangoganizani mnzathuyu, sukulu anaphunzira ku Zomba, agogo a mwanayo ali kumudzi akusamala nkhuku zawo, kalata ya Delta chakuti aitenga kuti? Anachita kufunsa manesi anzake kuntchito mmodzimmodzi, mpaka wina anati ine ndinali membala ndilemba, wina nkumulumikiza ndi mlamu wake. Mwana wanzeru, magiredi abwino, koma panafunikabe munthu oti amudziwe.

Mamembala akalewa, amene amati ma alumni, mphamvu ali nazo chifukwa nthawi zambiri komiti yawo ndi imene imayang'anira nyumba ndi ndalama zake, ndiponso amakhala alangizi pa nthawi yosankha. Mu 2013 nyuzipepala ya ophunzira pa yunivesite yomweyi, The Crimson White, inalemba kuti mnyumba zina atsikana ankafuna kutenga mtsikana wakuda koma ma alumni ndi amene anatsekereza. Nkhani inafika dziko lonse, akuluakulu a sukulu analamula kuti nyumba zitsegulenso kulandira anthu, ndipo atsikana akuda angapo analowa chaka chomwecho. 2013 amayi, zaka 50 chilowereni ophunzira akuda Vivian Malone ndi James Hood pa sukuluyi mu 1963 bwanamkubwa George Wallace ataima pakhomo kuwakaniza. Kuyambira 2020 magulu angapo, monga Delta Gamma, anathetsa zokondera ma legacy, ena anati kalata sikukakamizanso. Gogo uja nkhani imeneyi sinamusangalatse, anangopukusa mutu, ine sindinafune kuilimbikira pa tsiku la mdzukulu wake.

Mwana wathu anamutenga, tinamuona akuthamanga atanyamula kachikwangwani, amake misozi mbwembwembwe. Ife nthungululu ndithu, azungu kutembenuka, ife osasamala.

Pobwerera mgalimoto yathu munabuka mtsutso. Asisi amene amayendetsa anati bwanji mwanayo osadikira kulowa magulu a anthu akuda, aja amati Divine Nine, monga Alpha Kappa Alpha imene inayamba mu 1908 ku Howard University, ya Kamala Harris ija ya pinki ndi girini. Wina anayankha kuti kumenekonso akale ndi amene amagwira chitseko, amayang'anira kalowedwe ka atsopano ndipo za legacy ziliko. Wina anakumbutsa kuti Kwame Nkrumah analowa Phi Beta Sigma ali ku Lincoln University, mlendo ngati ife tomwe. Ine mbali yanga ndinati kumudzi timadandaula za "ukudziwa ndani" pofuna ntchito, kuno zilipo zomwezo kungoti amazilemba pa fomu. Amake mwana sanayankhepo, anali pa kakyuleta ya pafoni kuwerengera fizi ya sorority, madola masauzande angapo pa semesita, tinangowamva akuusa moyo titadutsa Anniston.

Ndalama ya mafuta inatsalako pang'ono, ili ndi asungichuma, tikambirana pa msonkhano wa mwezi uno. Amene muli ndi ana aakazi omaliza high school chaka chamawa mubwere, mnzathu wavomera kufotokoza mmene anapezera makalata aja.