Ka app ka banki m'khonde kaja: sabata ino ndi nkhondo ya madeti

Ka pulogalamu kowerengera ngongole za gulu lathu kaja ndikukapitirizabe, mu Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu), madzulo ndikaweruka. Chiwongoladzanja kamawerengera bwinobwino, munthu akatenga K50,000 pa 20% kamamuuza kuti abweze K60,000 pakatha mwezi, apo palibe vuto. Ndiye sabata ino ndimakavutitsa dala ndi ma edge case, kukapatsa zinthu za kumalire zomwe sizichitikachitika koma tsiku lina zimachitika ndithu.

Ngongole ya K0, ndalama ya minus, gulu la munthu mmodzi, zonsezi zadutsa msanga. Pomwe pandigwira ndi pa mawu oti "pakatha mwezi". Munthu watenga ngongole pa 31 Januwale, abweze liti? Python ukaipatsa 31 Febuluwale imakana ndi ValueError basi, uthenga woti detilo kulibe, relativedelta, chida choonjezera miyezi cha mu library ya dateutil, imakubwezera pa 28, pomwe JavaScript, chilankhulo china, ukaonjezera mwezi ndi setMonth imangodumpha mwakachetechete mpaka 3 Malichi osadandaula nkomwe. Mayankho atatu pa funso limodzi, ndipo kompyuta singasankhire gulu, ndinachita kufunsa amayi omwe amasunga buku ndipo anati tsiku lomaliza la mweziwo, nkhani yatha.

Kenako chaka cha Febuluwale wa masiku 29. Ambiri timangodziwa zoti chimabwera pakatha zaka 4 zilizonse, koma 1900 sichinali choncho, 2100 sichidzakhalanso, pomwe 2000 chinali chifukwa imagawika ndi 400. Excel mpaka lero imavomera 29 Febuluwale 1900, tsiku loti silinakhaleko, anazisiya dala kuti igwirizane ndi Lotus 1-2-3, pulogalamu yakale yofanana nayo. Ndipo izi si nthano za makedzana ayi, pa 29 Febuluwale 2024 ku New Zealand mapampu ambiri a mafuta odzithirira wekha anakana makadi chifukwa cha deti lomweli. Test ya 2100 ndaikamo ngakhale palibe wa ife adzakhalepo kudzabweza ngongole chaka chimenecho kkkk.

Koma chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi corner case, pomwe malire awiri akumana pamodzi. Seva, kompyuta yomwe ka app kamayenderapo, imasunga nthawi mu UTC, wotchi yoyendera dziko lonse lapansi, ife ku Malawi tili patsogolo ndi maola awiri. Test yolipira usiku payokha imadutsa, test yolipira mochedwa ndi tsiku limodzi masana imadutsanso, chindapusa chimabwera bwino. Tsopano phatikizani: munthu amayenera kubweza pa 28 Febuluwale, watumiza ndalama 1 koloko usiku wolowera pa 1 Malichi. Kwa ife wachedwa, koma ku seva nthawi ikadali 23:00 pa 28, ndiye kamamulemba kuti walipira nthawi yake, chindapusa palibe, komanso ndalamayo imakalowa mu ripoti ya Febuluwale. Mpata wake ndi wa maola awiri okha, kuyambira pakati pa usiku mpaka 2 koloko, koma anthu a mobile money amatumiza nthawi iliyonse aise, ndipo zikachitika pa 1 Januwale ndalama ija yagwera chaka china chenicheni, chomwe anthu agawana kale. Pano deti lililonse ndimaliyamba ndalitembenuza ku nthawi ya kwathu (Africa/Blantyre) ndi zoneinfo, chida cha Python cha zigawo za nthawi, ndisanaliyerekeze ndi china. Amene ali ku Johannesburg nthawi yathu ndi imodzi, koma wa ku London amasintha wotchi kawiri pachaka, ameneyo ndamulembera ma test akeake.

Mayina okhala ndi ka apostrophe, a ng' aja, ndawayesanso limodzi ndi ŵ, mu database akulowa bwino poti query zanga, malamulo opita ku database, ndi za ma parameter, dzina limatumizidwa palokha osasakanikirana ndi lamulolo, koma pa risiti ya PDF ŵ akutuluka ngati kabokosi, font yake ilibe chilembochi. Ndisintha font.

Ndalama ndayamba kusunga mu matambala, manambala athunthu, chifukwa 0.1 kuphatikiza 0.2 mu float, manambala okhala ndi ka dontho, imapereka 0.30000000000000004 ndipo round(2.5) ya Python imapereka 2 osati 3. Sabata yamawa ndikufuna kuyesa Hypothesis, library yomwe imadzipangira yokha madeti ndi ndalama zachilendo, ndiiponyere pa kugawana kwa kumapeto kwa chaka. K100,000 kugawira anthu 7 patsala matambala 3, ndipo gulu silinagwirizanebe kuti amenewo azipita kwa ndani.