Kamzere kofiira kamene kanandidyera tsiku lathunthu

Eee ndamaliza threat model, chojambula chothandiza kuona komwe mbava ingalowere mu app, mtima wangoti myaa. App imene tikufuna kupanga si yovuta nkomwe, munthu amalowa ndi password, amadzaza fomu, zimakasungidwa mu database, basi. Koma a security kuntchito kwathu anakanitsitsa kuti palibe kulemba code mpaka tiwaonetse kuti taganizira komwe mbava ingalowere.

Ndinagwiritsa ntchito Microsoft Threat Modeling Tool, ndi yaulere koma imayenda pa Windows pokha, amene muli pa Mac kapena Linux tengani OWASP Threat Dragon, nayonso yaulere. Zoiika pa kompyuta sindinena, mukudziwa kale. Ntchito yeniyeni ndi kujambula mmene data ikuyendera, kachozungulira ndi pulogalamu imene ikugwira ntchito, kabokosi ndi munthu kapena sisitimu yakunja, database ili ndi chizindikiro chakechake, ndiye mivi kusonyeza kuti data ikuchoka pati kupita pati. Mukatha mumapita ku Analysis View, pulogalamu ya Microsoft ija imakutulutsirani zoopsa zomwe zingachitike.

Ine ndinajambula zanga zooneka bwino zedi, ndikupita kukaona zoopsa, zangotuluka zowerengeka. Ndinati aaa ndiye kuti design yathu ndi yolimba. Ndatumiza kwa a security, kudikira tsiku lonse, madzulo yankho likubwera la mawu atatu okha, malire ali kuti? Ndinakwiya heavy chifukwa akanatha kundiuza m'mawa momwemo, koma zoona zake wolakwa ndinali ine. Sindinaike trust boundary, kamzere kofiira kadukaduka kaja kosonyeza pamene data ikuchoka kumalo omwe simukuwakhulupirira kulowa komwe mukuwakhulupirira, monga pakati pa browser ya munthu ndi seva yanu, kapena pakati pa seva ndi database. Zoopsa zambiri pulogalamuyi imazitulutsa muvi ukadutsa pa kamzereka, ndiye popanda iko imangoona ngati onse ndi apachibale okhala nyumba imodzi. Ikani malire musanachite china chilichonse.

Nditaika malire, mayo ine, mndandanda unatalika mpaka ndinatopa ndi kusukurola. Apa ndi pamene ndinachita chopusa chachiwiri, kumangodina Not Applicable, kutanthauza kuti sichikutikhudza, pa chilichonse chimene sindinachimvetse, malo olembapo chifukwa kuwasiya opanda kanthu. Anandibwezeranso. Chilichonse chimafuna mulembe, ngati ndi Mitigated, kutanthauza kuti mwachitchinga kale, nenani mwachitchinga ndi chiyani, ngati sichikukhudzani nenani chifukwa chake, ngati simukudziwa ikani Needs Investigation, palibe manyazi.

Ndaiwala kunena, zoopsazi zimabwera m'magulu a STRIDE, njira imene Loren Kohnfelder ndi Praerit Garg anaiyambitsa ku Microsoft mu 1999. Spoofing ndi kunamizira kukhala munthu wina, Tampering kusintha data mwachinyengo, Denial of service kupanikiza sisitimu mpaka anthu alephere kuigwiritsa ntchito, izi ndinkazidziwa. Imene ndinkaiderera ndi Repudiation, munthu kuchita chinthu kenako n'kukana kuti si iye. Ndinkati zimenezi ndi za ma banki, koma nditakhala pansi kuti ndilembe chifukwa chomwe sizikutikhudza, ndinapeza kuti admin akhoza kufufuta fomu ya munthu ndipo palibe log iliyonse yosonyeza kuti wafufuta ndani, nthawi yanji. Ndinangoti kakasi.

China chinatulukira pa Information disclosure, data kuonedwa ndi munthu wosayenera, ndi Elevation of privilege, munthu kupeza mphamvu yochita zomwe sanaloledwe. Mu design yathu nambala ya fomu imaoneka pa URL, adiresi ya pamwamba pa browser ija, ndipo seva inkangofunsa kuti kodi munthuyu walowa, osafunsa kuti kodi fomuyi ndi yake. Ndiye aliyense wolowa akanangosintha nambala ija n'kumawerenga mafomu a anzake. Pulogalamu sinandiuze zimenezi mwachindunji ayi, imangofunsa mafunso a wamba omwewo kwa aliyense, amene amadziwa app yanu ndi inuyo, koma funso lake ndi limene linandikakamiza kuyang'ana pamenepo. Kukonza kwake kunali kuwonjezera mizere iwiri mu design, code isanalembedwe. Zikanapezeka app ili kale pa intaneti bwenzi nkhani ili ina.

O, komanso musajambule kanthu kalikonse, ine ndinayamba kuika function iliyonse ngati kachozungulira kake, zoopsa zake kumangobwereza zomwezomwezo, ndinafufuta theka. Ndipo dinani pa muvi uliwonse mudzaze ma properties ake, kaya ndi HTTPS (data kuyenda yobisika), kaya pali authentication (kutsimikizira kuti munthu ndi ndani), apo ayi muzidzayankha mafunso a zinthu zomwe munakonza kale. Fayilo yake ya .tm7 ndaiika mu Git, momwe timasungira code, pamodzi ndi codeyo kuti isasowe pa desktop ya munthu.

Koma malire aja abale, ikani malire poyamba penipeni. Sabata yamawa akuti tiwonjezera zolipirira kudzera ku kampani ina yakunja, kutanthauza bokosi latsopano, mivi iwiri yatsopano ndi kamzere kofiira kenanso, ndipo a security andiuziratu kuti akufuna kuona chojambulacho Lachitatu.